Alamu Anga a Rufina ndi Nkhuku za pa Chulu

Alamu anga a Rufina savomera kuti chinthu chawasowa. Ndawadziwa kuyambira tsiku limene malemu akulu anga a Venâncio anabwera nawo kudzawaonetsa kwathu, ali kamtsikana koonda ngati bango koma koyenda ngati msewu kanaulima kokha. Lero mutu uli mbuu ndi imvi, koma mawu oti "ndilibe" anatuluka pakamwa pawo kamodzi kokha, ndipo tsiku limenelo ine ndinalipo.

Mchere ukawathera, alamu sanena kuti watha. Amati anamwino a ku Domwe anawaletsa chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Sopo akatha, amati sopo wa masiku ano amayabwa. Pa ubatizo wa mwana wawo Patrisio anabwereka nsapato zowathina, n'kuima nazo misa yonse misozi ili lengelenge, ndipo padri atawafunsa chimene chikuwaliza anayankha kuti ndi ulaliki. Koma chimene chimandipha ine ndi kamtengo. Akadya, kaya ndi phala la mchere, amatuluka, kukhala pakhonde moyang'ana kunjira, n'kuyamba kutokosa m'mano ngati munthu amene wamaliza mbuzi yathunthu. Phala linayamba liti kutsalira m'mano?

Ine ndine Zacarias, mng'ono wa malemuwo. Ndimakonza njinga pansi pa bulugama pafupi ndi mjigo wa m'mudzi mwathu, kwa Chidzuma, kamtunda pang'ono kuchokera ku Domwe. Mlamu amaloledwa kuseka mlamu wake, ndipo ufulu umenewu ine sindiumira nawo. Iwo amanditcha mwamuna wawo wosathandiza. Timakondana choncho.

Musawaweruze okha, nthendayi ndi yathu tonse kuno ku Angónia. Tinakula tikuuzidwa kuti ndife nkhokwe ya Tete, kuti malole a kachewere, nyemba ndi chimanga amatsika kuchokera kwathu kukadyetsa anthu a kuchigwa kotentha. Munthu wa kuno akhoza kuvomera kuti ndi waulesi, akhoza kuvomera kuti anaba mbuzi, koma zoti kunyumba kwake agona ndi njala, mupha kaye. Njala timaitenga ngati ndi ya anthu a kumunsi.

Alangizi athu a zaulimi, a Custódio, ankatidziwa bwino. Akabwera pa mota yawo, njinga yamoto ija, sankataya nthawi ndi mafunso. Ankapereka moni, n'kumangozungulira ngati akufuna potayira madzi, akugogoda nkhokwe ndi chala kuti amve ngati ikulira, akusuzumira kudzala kuti aone ngati kuli nthenga kapena zitsononkho zatsopano, akuyang'ana tsitsi la ana. Ife tinkanama ndi pakamwa, iwo ankakhulupirira maso awo, ndipo aliyense ankatsala ndi ulemu wake. Chaka chikaipa thandizo linkabwera popanda wina kuoneka kuti wapempha. Tinkalandira tikudandaula kuti anthu a boma a ku Ulongwe akutisenzetsa katundu wosafunika.

Kenako kunabwera korona. Malire anatsekedwa, msika wa feira unachepa, misa inaima, ndipo mota ya a Custódio inasiya kuoneka m'midzi. Akuluakulu oona za chakudya ku Ulongwe anaganiza kuti popeza kuyendera anthu kwaletsedwa, azifunsa pa telefoni. Mudzi uliwonse usankhe munthu mmodzi wokhala ndi telefoni ndiponso wosachita manyazi polankhula, kuti mlungu uliwonse azinena mmene zinthu zilili, kuti njala ikamabwera iwo aione idakali patali. Nzeru yabwino ndithu, sindikuinyoza. Kwathu telefoni yodalirika inali ya alamu, imene Patrisio anawatumizira kuchokera ku Beira kumene amagwira ntchito, ndipo pa nkhani ya pakamwa panalibe wopikisana nawo.

Vuto linali rede ya telefoni. Kwa Chidzuma rede imagwira pamalo amodzi okha, pamwamba pa chulu chachikulu chimene chili pakati pa mjigo ndi bulugama wanga. Wofuna kulankhula ndi wachibale amakwera pachulupo, ndipo pofika madzulo mudzi wonse umakhala utadziwa amene mkazi wamuthawa ndi amene mwana wake walephera ezame kusukulu. Onjezerani kuti alamu amakhulupirira kuti Ulongwe ndi kutali, ndiye mawu ayenera kukankhidwa mwamphamvu kuti akafike.

Tsiku loyamba linali Lachitatu m'mawa, nthawi imene amayi amadzaza pamjigo. Alamu anavala kapulana yatsopano m'chiuno, masikara ya korona ili pachibwano, n'kukwera pachulu ngati akukalandira mendulo. Telefoni italira anatsegula mawu ake kuti tonse timve.

"Bon dia, amayi. Ndine Serafina, ndikuimba kuchokera ku Ulongwe. Ndikulankhula ndi Dona Rufina?"

"Ndine amene, mwana wanga. Mwadzuka bwanji kumeneko? Makolo ali bwanji? Mvula inatha bwino?"

Moni yekha anadya nthawi yokwanira kumata chubu. Kenako mtsikanayo, wa mawu ofatsa ngati wophunzira usisteri, anafika pa ntchito yake.

"Amayi, dzulo panyumba panu munadya kangati?"

Alamu anayang'ana pansi pa chulu. Pamenepo panaima a Benedita, ndowa ili m'manja, khutu lili tcheru.

A Benedita ndi akomadre awo a alamu, ndiwo anagwira Patrisio pa ubatizo uja wa nsapato zothina. Nyumba zawo ndi zoyandikana, ndipo akhala akupikisana kuyambira ali atsikana: wina akadzala maluwa, mnzake amadzala aatali; wina akakhoma malata, mnzake amapaka penti. M'kwaya onse awiri amaimba mawu oyamba, ndipo Mulungu yekha ndiye amadziwa kuti akumvera uti. Koma wina akadwala, woyamba kufika ndi mnzakeyo, kudzaona ngati m'nyumba mwasesedwa.

"Kanayi," anatero alamu. "Tikawerenga tiyi, kasanu."

"Ndiwo zake zinali chiyani?"

"Nkhuku."

Ine dzulo lakelo ndinali nditadya kwa alamu omwewo. Zinali nyemba, ndipo nyembazo zinkasambira patalipatali mumsuzi, iliyonse ndi dziwe lake. Ndinaseka mpaka sipanala inagwa. Nthawi imeneyo zinali zoseketsadi, chifukwa tinali titangokolola ndipo chimanga chinalipo. Bodza la nkhuku silinkapweteka munthu.

Koma munthu ukayamba ndi nkhuku sungatsikire ku therere anthu akumva. Lachitatu lililonse pachulu paja pankafa nkhuku. Amayi a pamjigo nawo analowa m'masewerawo, kumanong'oneza kuchokera pansi kuti, "Nenani nsomba, a Rufina, nkhuku yakwana!" Serafina akafunsa za nkhokwe za m'mudzi, alamu ankayankha kuti, "Mwana wanga, kuno ndi ku Angónia. Ife ndi amene timakudyetsani." Pansi anthu ankaomba m'manja. Tsiku lina mtsikanayo anapempha kuti alankhuleko ndi nyumba ina, ndipo a Benedita anakwera pachulu liwiro la mtsikana, n'kupha mbuzi. Mlungu wotsatira alamu anapha nkhumba. Ziweto zimene zinathera pa chulu chimenecho, zikanakhala zenizeni, kwa Chidzuma kukanatsala agalu okha.

Pansi pa chulu zinthu zinkayenda mwina. Kachewere wathu anaolera m'matumba m'mbali mwa msewu chifukwa ogula sanabwere. Posowa pogwira, anthu anayamba kutapa m'nkhokwe kukagulitsa chimanga pa mtengo wozizira kuti apeze sopo ndi mchere. Mankhwala oteteza chimanga, amene tinazolowera kukagula kutsidya kwa malire, sanaoneke, ndipo nankafumbwe analowa m'nkhokwe n'kuchita ukwati. Kunja nkhokwe inkaoneka yodzaza, ukagwira chitsononkho chinkasanduka fumbi m'manja. Pofika Natale, kumapeto kwa chaka, chigayo cha m'mudzi chinkalira mwa apo ndi apo. Ine ndinkaona njinga. Munthu akayamba kubwera ndi njinga yabwinobwino kudzafunsa ngati ndikudziwa wogula, ndiye kuti kunyumba kwavuta, ndipo mwezi umenewo anabwera ambiri.

Ndinapsa mtima, ndinene zoona. Lachitatu lina alamu ali mkati mokazinga nkhuku yawo ya mlungu umenewo, ndinakuwa kuchokera pansi pa bulugama kuti, "Bodza!"

"Ndani ameneyo, amayi?" anafunsa Serafina.

"Musamumvere, mwana wanga, ndi mlamu wanga. Amamwa kuyambira m'mawa. Chakudya chikachuluka pamudzi anthu ena amafulula mowa."

Amayi onse pamjigo anandiyang'ana ngati ndavula pagulu. Wina anandiuza kuti nkhani za m'khitchini mwamuna salowerera. Ndinabwerera ku masipoko anga, mtima uli phuthuphuthu.

M'mwezi wa Janeiro, chimanga chakumunda chisanamasule ngayaye, Serafina anaimba ndi mawu osangalala.

"Dona Rufina, ndili ndi nkhani yabwino. Pa mapa athu kuno midzi yambiri yafiira, koma mudzi wanu ndi wobiriwira. Ashefe athu a pa ofesi amautchula ngati chitsanzo. Lole ya chimanga ndi nyemba ipita ku midzi yofiirayo, ndipo Lachisanu lino ndi pamene atseke nkhani ya kumene ikadutse. Kwanu siifika, poti inu muli bwino. Ashefe amafunsanso ngati kwa Chidzuma mungatigulitseko chimanga chotsala."

Ngakhale amene ankapopa madzi anasiya.

"Tikambirana," anatero alamu ndi mawu ang'onoang'ono amene sindinawamvepo. Anatsika pachulu chafutambuyo, n'kulunjika kunyumba osapereka moni kwa munthu.

Madzulo ake ndinawatsatira. Ndinawapeza pakhonde, kamtengo kali m'kamwa, ndipo sindinazungulire.

"Alamu, mwamva? Lachisanu. Lole ikatidutsa, mudzi uno ufika bwanji pa zokolola? Mawa mukakwere paja mukanene zoona."

"Ndikanene chiyani?"

"Kuti kuno kuli njala."

Anachotsa kamtengo m'kamwa n'kundiloza nako. "A Zacarias, mukufuna mkazi wa akulu anu akakwere pachulu, akomadre akumva, akalengeze kuti akugona ndi njala? Taonani uko."

Ndinayang'ana. Pa denga la khitchini ya a Benedita utsi unkatuluka tolotolo, ndipo mkati munkamveka mthiko ukugunda m'mbali mwa poto, go, go, go, monga amachitira mayi akamaliza kuphika.

"Mwamva? Iwo akuphika m'mawa ndi madzulo, ali ndi adzukulu amasiye pakhomo koma sakudandaula. Ndiye ine, wokhala ndi mwana ku Beira, ndikhale woyamba kulira? Ayambe ena."

Khitchini yawonso inkafuka utsi, ndipo pasanapite nthawi analowamo, mthiko wawo n'kuyamba kuyankha wa akomadre awo. Sanandiitane kudzadya. Anali atasiya kundiitana kalekale, akuti ndimadya ngati chigayo. Ndinapita kwathu ndikutukwana chamumtima, ndipo mantha anandigwira, chifukwa ndinkadziwa kuti mudzi wonse ukudikira kuti ayambe ena.

M'mawa wa Lachinayi alamu anandiitana kuti ndiwathandize kugwira nkhuku. Inali itatsala imodzi yokha, thadzi lamawanga lochenjera kuposa mwini wake. Anati akufuna kukaligulitsa ku Domwe chifukwa limawasokosera. Ine ndinadziwa kuti akufuna kapaketi ka ufa, koma sindinanene.

Nkhuku imeneyo inatiyendetsa. Inazungulira nkhokwe, inadutsa pakati pa miyendo yanga, inalumpha mpanda wa maluwa, ife tili pambuyo, ine ndi mwendo wanga wa nyamakazi, alamu atakweza kapulana mpaka m'mawondo akuitukwana ndi mayina a adani awo onse. Kenako inaona chitseko chotsegula n'kulowa m'khitchini ya a Benedita, mmene utsi unkafuka ngati masiku onse. Tinalowa nayo popanda odi.

A Benedita anali atakhala pa mpando wawo waung'ono, mthiko uli m'manja. Nkhuku inawulukira pamafuwa, inagunda poto, poto n'kugubuduka. Moto unangoti tswii, phulusa n'kudzaza m'nyumba.

Munali madzi. Madzi okhaokha, oyera, opanda ngakhale ufa wa pa chala.

Ndinagwira nkhuku ija chifukwa ndinasowa poika maso. Kudzera pa kazenera ndinaona adzukulu a a Benedita atakhala kuseri kwa khitchini, kumene sikuoneka kuchokera kunjira, akutafuna misinde yaiwisi ya chimanga. Wamng'ono sankatafuna n'komwe, anangougwira.

"Ndimati ndisambe," anatero a Benedita, maso ali pansi, mthiko udakali m'manja.

Ine ndinadikira. Mpikisano wa moyo wonse unali utathera pamenepo, ndipo alamu anali atapambana. Ndinkayembekeza mawu amodzi okha, aja obaya amene amawasungira masiku aakulu.

"Mwachita bwino, akomadre," anatero alamu mofatsa. "Madzi osamba amafunikadi kuwavundula. Pepani ndi nkhukuyi, ilibe mwambo."

Anatola poto uja, kumuika pamafuwa bwinobwino, n'kutuluka. Ine ndinawatsatira nkhuku ili m'khwapa. Tinalowa m'khitchini yawo. Mmenemo anavundukula poto wawo n'kundionetsa. Madzi, mthiko uli momwemo.

"Nkhuni zonse zija, alamu," anatero. "Ine kukwera phiri kukathyola nkhuni chifukwa cha iwo. Iwo kukwera phiri lomwelo chifukwa cha ine. Tinkakumana m'njira n'kumafunsana kuti lero mwaphika chiyani."

Anayamba kuseka, anaseka mpaka anakhala pansi, ndipo sindikudziwa pamene kusekako kunasandukira kulira. Mayi ameneyu ndamuseka moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo ndinamumvera chisoni mpaka m'mafupa.

Atapukuta m'maso anati, "Telefoni ili ndi moto?"

Anasankha masana dzuwa lili paliwombo, nthawi imene pamjigo sipakhala anthu. Anaiwala kuti kwa Chidzuma munthu sangakwere pachulu Lachinayi, pamene tsiku lake ndi Lachitatu, anthu osafuna kudziwa chimene chachitika. Asanafike n'komwe pamwamba, amayi anayamba kutulukira ndi ndowa, ena ndowa zake zili zodzaza kale. A Benedita anabwera pomalizira n'kuima patali. Alamu analibe kredito yoimbira, ndiye anangobipa, ndipo Serafina anaimba.

"Dona Rufina? Kwagwanji? Lero si Lachitatu."

Alamu anaphimba pakamwa ndi dzanja, n'kunong'ona. Munthu amene kwa miyezi yonseyi ankamveka mpaka kudambo, lero ankalankhula ngati ali m'kanyumba kolapira.

"Sindikukumvani, amayi. Rede ikuvuta, kuno kuli mitambo."

Ananong'onanso, mokwezako pang'ono.

"Mwati chiyani? Kuli nyama?"

"Ayi!"

"Kwezani mawu, amayi, mukudukaduka."

Alamu anayang'ana kumwamba ngati akufunsa Mulungu chimene anamulakwira. Anayang'ana pansi, pa nkhope zonse zija. Kenako anachotsa dzanja pakamwa, anaima chilili ngati akuyambitsa nyimbo m'kwaya, n'kukuwa ndi mawu awo onse a ku Ulongwe:

"Ndati njala! Panyumba panga pali njala! Ine Rufina, mkazi wa malemu Venâncio, ndilibe ufa! Nkhokwe yanga ndi fumbi! Nkhuku zonse zija zinali bodza, nkhumba ija sinabadwe n'komwe! Mwandimva tsopano?"

Ndikukhulupirira kuti ku Ulongwe anawamva ngakhale popanda telefoni.

Serafina anayankha kuti, "Ndamva, amayi. Nanga nyumba zina?"

Alamu anayang'ana kumene kunaima a Benedita, n'kubweza maso msanga. "Za anzanga sindikudziwa. Akomadre anga amaphika bwino, utsi wawo ndimauona. Ine ndikunena za ine."

"Amayi, ndikuuzeni zoona," anatero mtsikanayo. "Nyumba imodzi siingatembenuze lole. Akandifunsa ashefe mawa, ndikanena kuti ndi Dona Rufina okha, adzati achibale awo awathandize."

Apo mtima wanga unagwa. Alamu anali atadzivula pamaso pa mudzi wonse, ndipo zinkaoneka kuti adzivula pachabe. Anaima pamwamba paja okha, telefoni ili m'manja, mphepo ikukupiza kapulana. Amayi aja aliyense ankayang'ana m'ndowa yake ngati mwagwera ndolo. Ine ndinaika pansi pampu kuti ndikwere, ngakhale kuti ku Ulongwe ndinali kale chidakwa chodziwika.

A Benedita anandipitirira. Anayenda pang'onopang'ono, kudutsa pakati pa anthu, n'kuyamba kukwera. Chulu chinali choterera ndi mvula ya dzulo lake. Pakati anatsetsereka. Alamu anawerama n'kuwagwira dzanja, malamulo onse a korona otalikirana ataiwalika, n'kuwakokera pamwamba.

"Ndine Benedita," anatero atapeza mpweya. "Uja wa mbuzi. Mwana wanga, mbuzi ija kunalibe. Ana kwanga sanaone ufa kuyambira Lamulungu."

Atatsika iwo anakwera wina, kenako wina. Pasanapite nthawi panali mzere kuyambira pachulu mpaka pamjigo, ngati wa kulapa pa Sabata Loyera, aliyense kukwera, kutchula dzina lake, n'kubweza chiweto chimene anapha. Amuna nawo anayamba kutulukira m'makona, zipewa zili m'manja. Koma anthu a kwathu ndi a kwathu basi. Pofika munthu wa pakati pa mzere mpikisano unali utatembenuka, wina akuti kwake akudya makungwa, wina akuti kwake ngakhale makoswe anasamuka. Alamu analanda telefoni.

"Iyayi! Musayambenso! Tanama zokwera, tsopano mukufuna kunama zotsika? Aliyense anene zimene zili m'poto mwake, basi!"

Serafina anamvetsera onse mpaka telefoni inatentha. Pomaliza mawu ake ankanjenjemera, sindikudziwa ngati ankaseka kapena ankalira. "Dona Rufina, mukudziwa kuti ine ndinkauza amayi anga kuti ndikufuna kukakwatiwa kwa Chidzuma? Lachitatu lililonse ndinkaika telefoni pansi malovu ali m'kamwa."

"Bwera ndithu, mwana wanga," anatero alamu. "Patrisio sanakwatire. Koma ubwere ndi ufa."

Loweruka lake a Custódio anapatsidwa chilolezo, anabwera pa mota yawo masikara ili kumaso, n'kugogoda nkhokwe imodzi ndi imodzi. Zonse zinalira ngati ng'oma. Lole inafika patapita masabata, sinali yodzaza monga tinkalotera, koma inatiolotsa mpaka maungu ndi chimanga chachiwisi. Kuyambira pamenepo a ku Ulongwe anasiya kudalira pakamwa pamodzi. Anayamba kuimbira nyumba zingapo, kufunsanso wa chigayo ndi ogulitsa pa feira. Serafina amaimbabe mpaka pano, ndipo alamu akayankha funso lililonse iye amafunsa kaye kuti, "Zimenezi ndi za pachulu kapena za m'poto?"

Koma ine chimene chimandibwerera ndi madzulo a Lachinayi lija, lole isanaoneke n'komwe, tisakudziwa ngati atimvera. Ndinatseka bokosi la zida zanga dzuwa likupendeka, n'kuyang'ana mudzi. Panalibe utsi pa denga lililonse. Panalibe mthiko wogunda poto. Miyezi yonse ija ndinkaganiza kuti anthu akuphikabe kenakake, poti madenga onse ankafuka. Madzulo amenewo kumwamba kunali mbee, ndipo ndinachita mantha kuposa kale.

Nditafika kwa alamu ndinapeza thadzi lija lili lomanga miyendo pakhonde, likudikira ulendo wa ku Domwe. A Benedita ankadutsa pa mpanda wa maluwa ndi kabeseni ka gaga amene anali atabisa pansi pa bedi, adzukulu ali pambuyo.

"A Zacarias," anatero alamu, "mwamuna wanga wosathandiza, thandizani kamodzi. Tengani mpeni. Nkhuku iyi yaona zambiri, isapite nazo ku Domwe."

Madzulo amenewo kwa Chidzuma kunafuka utsi umodzi wokha, ndipo unkanunkhira. Amayi awiriwo anakangana za mchere, wina akuti wachepa, wina akuti wakwana, mpaka ndinakhulupirira kuti dziko silinathe. Pogawa, alamu anapatsa ana ntchafu ndi chidale, a Benedita mapiko, ine khosi ndi mawu oti ndisazolowere. Iwo anathira kamsuzi m'mbale yawo, nati nyama ya nkhuku anamwino anawaletsa.

Titatha kudya anatuluka n'kukhala pakhonde pamalo awo, moyang'ana kunjira. Anthu ankadutsa, ndipo kwa nthawi yoyamba fungo linkawachitira umboni. Ndinathyola kamtengo pa tsache n'kuwapatsa.

Anakayang'ana, anayang'ana ana aja amene ankanyambita zala pafupi ndi chitseko, n'kundibwezera.

"Sungani, alamu," anatero. "Lero palibe chotokosa."